Phiri limeneli ndi la kuti?

Amalume anga adabadwira m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ndipo kupatula zaka zochepa zimene adagwirapo ntchito ku Limbe, moyo wawo wonse akhala akudzuka m'mawa n'kupatsana moni ndi phiri lomwelo. N'chifukwa chake nditamaliza kukonza chithunzi changa cha phirili, chimene ndidachichezera masiku awiri pa laputopu, ndidati woyamba kuchiona akhale iwowo. Ndidawapeza pakhonde akusema mpini. Adaika kasemasema pansi, adapukutira manja pa thalauza, adavala magalasi awo aja omanga ndi ulusi mbali imodzi, n'kuyamba kuyang'anitsitsa. Padapita kanthawi.

"Mphwanga, n'chokongola ndithu. Koma phiri limeneli ndi la kuti?"

Ndidaseka, n'kuloza kuseri kwa nyumba yawo. Adacheuka, adaliyang'ana ngati akuliona koyamba, adabwereranso pa laputopu n'kupukusa mutu.

"Iyayi. Lathuli lili ndi mdima wake. Ili adaliyatsira nyali ndani?"

Ndidatseka laputopu ndi kamkwiyo kaja kamene kamabwera ukauzidwa zoona ndi munthu wosadziwa n'komwe poyatsira kompyuta. Ndati ndifotokoze kumene nyali imeneyo idachokera, chifukwa ambiri a inu muli nayo m'thumba, m'foni mwanumo, ndipo imayaka yokha musadaitume. Dzina lake ndi zilembo zitatu: HDR.

Chithunzicho ndidachitola mwezi wa Juni. Nyengo imeneyo dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye ukaima m'minda ya tiyi ya kumwera kwa phiri, nkhope imene phirilo lakulozetsa imakhala mumthunzi pamene thambo la kumbuyo kwake likuyaka. Mvula yowaza ya chiperoni idali itakata dzulo lake. Mitambo idali mbee, matanthwe ali bii, timathithi tikutsika m'makwawa ngati ulusi woyera, masamba a tiyi ali ndi mame. Diso langa linkaona zonsezi pakamodzi. Kamera idakana. Ndikaitchera kuti mitambo ioneke, phiri linkasanduka mulu wa makala. Ndikaitchera phiri, thambo linkapsa n'kutsala ngati pepala losalembapo. Ndikati ndigwire pakati, zonse ziwiri zinkaonongeka. Paja mapanga awiri avumbwitsa.

Si kuti kamerayo idali yachabe. Ojambula amayeza kuwala ndi muyeso umene amautcha stop, ndipo kukwera stop imodzi ndiko kuchulukitsa kuwala kawiri. Kusiyana kwa ma stop 10 ndiye kuti powala paposa pamdima maulendo 1,024. Makamera abwino a masiku ano amanyamula ma stop 12 mpaka 14 pachithunzi chimodzi, koma ukayang'anizana ndi dzuwa, mitambo yowala kumwamba ndi makwawa akuya pansi pake, malowo amatha kupyola pamenepo. Diso limapambana chifukwa ndi lochenjera. Silimeza malo onse nthawi imodzi. Limadumphadumpha, mwanadiso akufutukuka pamdima n'kufinyika powala, ubongo n'kumasoka zigambazo mwakachetechete, iwe n'kumangoti waona chinthu chimodzi. Anzathu ojambula maukwati amalidziwa vutoli kuposa ife a m'mapiri: diresi loyera la mkwatibwi pambali pa suti yakuda ya mkwati, pabwalo la tchalitchi, dzuwa lili paliwombo. Ukapulumutsa diresi, nkhope ya mkwati yasowa, ndipo ankhoswe ayamba kukambirana zokudula ndalama.

Nzeru yothanirana ndi vutoli ndi yakale kuposa agogo awo a amalume. Gustave Le Gray wa ku France, pojambula nyanja ku Sète m'chaka cha 1857, ankatola kawiri pa magalasi awiri, lina la madzi lina la thambo, n'kuwaphatikiza potsuka papepala limodzi. Masiku amenewo thambo pazithunzi linkangotuluka loyera, ndiye anthu adazizwa kuona mafunde ndi mitambo zili pamodzi. Mkuluyu adalinso ndi kaukathyali kake: thambo limodzi likamukomera, ankaliveka nyanja zosiyanasiyana. Ansel Adams wa ku America, amene ojambula mapiri amamutenga ngati nyakwawa yawo, adatola chithunzi chake chotchuka cha mwezi ukutuluka pamudzi wa Hernandez ku New Mexico pa 1 Novembala 1941, ndipo m'zaka zotsatira, akamachitsukanso m'chipinda chamdima, thambo lake ankalidetsa kwambiri kusiyana ndi la m'makope oyambirira. Kompyuta idabwera pambuyo. Mu 1997 Paul Debevec ndi Jitendra Malik a pa yunivesite ya California ku Berkeley adaonetsa masamu ophatikizira zithunzi zingapo za malo amodzi, zina zakuda zina zowala, kuti patuluke chimodzi chosunga kuwala konse. Photoshop idalandira luso limeneli la HDR mu 2005, iPhone mu 2010, ndipo lero ngakhale mafoni ambiri otsika mtengo ali nalo.

Choncho asakunamizeni aja amadzitama kuti iwo saedita, zawo ndi zachilengedwe. Chithunzi cha JPEG chimene chimatuluka m'kamera chimakhala chitaeditidwa kale, kungoti wachiedita ndi injiniya wa ku Japan amene Mulanje sadamuonepo. Kamera imasankha yokha kuti ichi chide motere, icho chifiire motere, zotsalazo n'kutaya. JPEG imasunga magawo 256 okha a kuwala pa mtundu uliwonse, pamene fayilo ya RAW imasunga 4,096 kapena 16,384, kutengera kamera. Mlandu wanga kwa amalume sudali woti ndakonza chithunzi. Udali wa kakonzedwe kake.

Kumundako ndidatsata malamulo onse, palibe angandidzudzule. Kamera ndidaikhazika pa tripod, miyendo yake nditaikanikiza m'dothi lonyowa. ISO idali pa 100, chibowo cha lenzi pa f/11 osachisunthanso, chifukwa ukachisuntha, zapafupi ndi zakutali zimasiyana kuthwa kwake pazithunzizo ndipo siziphatikizana bwino. Chosintha ndi nthawi yokha: 1/500 ya sekondi kutolera mitambo, 1/125 kutolera zapakati, 1/30 kutolera matanthwe. Zitatu motsatizana, dzanja lili kutali ndi kamera. Kunyumba ndidazilowetsa mu Lightroom, imene kuyambira 2015 imaphatikiza zotere yokha n'kukupatsa fayilo imodzi yonenepa ya DNG. Ukaitsegula umapeza kuti kabatani kokoka ka Exposure, kamene masiku onse kamathera pa 5 mbali iliyonse, tsopano kakufika mpaka pa 10. Pamenepo m'pamene dyera lidandilowa.

Koma choyamba kutuluka udali mzukwa. Mayi wina wothyola tiyi, dengu lili kumsana, adali m'mizere chapatsogolo pamene ndinkatola, ndipo manja a wothyola tiyi saima. Pulogalamu itaphatikiza zitatuzo, mayiyo adatuluka ndi manja anayi, dengu lake likuonetsa masamba a kumbuyo kwake ngati neti ya udzudzu. Opanga mapulogalamuwa nawonso amachitcha mzukwa m'chinenero chawo, ndipo mankhwala ake adawapatsa dzina loti Deghost. Ukawatchera, pulogalamu imafufuza chimene chasuntha n'kuchitenga pa chithunzi chimodzi chokha mwa zitatuzo. Ku Mulanje nkhani za mizukwa sachita nazo nthabwala, ndiye ndidathamangira kuika pa Medium, mayi uja n'kubwerera m'thupi lake. Mankhwalawa ali ndi mtengo wake. Pamene pulogalamu yatenga chigamba kuchokera pa chithunzi chakuda n'kuchiwalitsa, pamatuluka timadontho ngati mchenga. Masamba ogwedezeka ndi mphepo, mitambo yothamanga ndi mafunde a panyanja zimachita chimodzimodzi, ndiye tsiku la mwera ndi bwino kungotola chimodzi chabwino n'kupita kukamwa tiyi.

Kenako ndidayamba kukoka. Highlights mpaka kumapeto: mitambo idatulutsa makwinya ake onse. Shadows mpaka kumapeto kwinako: makwawa adatseguka, mtengo uliwonse wa m'phompho ukuwerengeka. Clarity: matanthwe adalimba ngati ungawakhudze ndi chala. Dehaze: thambo lidachita buluu wa yunifolomu ya sukulu. Saturation: tiyi adasanduka penti. Kukoka kulikonse kunkakoma kuposa kwapitako, ndipo diso likazolowera kwa mphindi khumi limapemphanso zina, monga lilime la munthu wokonda mchere limene ndiwo zonse limaziona zosakolera. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Ine ndidagwa cha m'ma 2 koloko usiku, ndikumwetulira.

Chimene chimachitika mkatimo n'chosavuta kuchimva kwa aliyense amene adakwerapo minibasi ya ku Muloza. Kuwala konse kuja kuli m'fayilo, koma sikirini wamba singakuonetse konse, pepala ndiye likuchepera kutali. Kuyenera kupanikizidwa. Pulogalamu imachita ngati kondakitala amene walowetsa anthu asanu pampando wa atatu: inu senderani, inu pindani mwendo, inu nyamulani mwanayo. Onse akwera ndithu, koma palibe amene wakhala mmene amakhalira kwawo. Ikadetsa thambo n'kuwalitsa phiri, pamalire a ziwirizi imasokonezeka, ndipo imasiya mkombero woyera m'mphepete mwa phiri lonse, ngati uja amajambula pamitu ya oyera mtima pazithunzi za m'tchalitchi. Mkomberowo umabisala ukakulitsa chithunzi, umaonekera ukachichepetsa kukhala ngati sitampa. Changa chidali nawo kuchokera kumanzere mpaka kumanja, ndipo sindinkauona chifukwa mphuno yanga idali pa sikirini.

Cholakwa chachikulu chidali china. Thambo langa lidada kuposa phiri. Dzuwa likakhala kuseri kwa phiri, zimenezi sizingachitike pansi pano, chifukwa kuwala kukuchokera kumwambako, ndiye chimene chili mumthunzi sichingapose gwero lake. Kunyanja lamulo ndi lomweli: ukaima pa Chembe madzulo, chilumba cha Thumbi chimene chikuonekera m'madzi sichingawale kuposa chilumba chenichenicho. Munthu sangathe kukufotokozera zimenezi, koma diso lake limadziwa, ndipo limanyansidwa lisadapeze chifukwa. Amalume za stop sadazimvepo. Zaka zoposa 70 zoyang'ana phiri limodzi m'mawa ndi madzulo, m'dzinja ndi m'chilimwe, ndi sukulu yokwanira.

Mthunzi ndi umene umauza diso kuti apa mpakuya, apa mpotukuka, ichi chili patsogolo pa icho. Ukauchotsa, phiri la mamita 3,002 limasanduka chitenje choyanika pachingwe, maluwa ponseponse koma chopanda thupi. Komanso Mulanje si phiri loti n'kuliyatsira nyali. Nsonga yake amaitcha Sapitwa, ndipo dzina lokhalo likukuuza kale kuti ubwerere. Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao ozungulira phirili amalitenga ngati mudzi wa mizimu ya makolo, ndipo bungwe la UNESCO poliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu Julayi 2025, chimene lidalemekeza ndi chikhalidwe chimenechi. Ine ndidatenga malo amene anthu amayendamo motsitsa mawu n'kuwawalitsa ngati sitolo ya mafoni.

Ndiulule pano kuti sindidagonje msanga. Usiku wa tsiku limene amalume adachiona, chithunzicho ndidachiika pa Facebook kuti anthu a m'tauni aweruze pakati pa ine ndi amalume, ndipo chidakondedwa kuposa chilichonse chimene ndidaikapo chiyambire. Pa kasikirini ka foni, pakati pa zithunzi mazanamazana zimene chala chikungokankha, chimene chikukuwa ndicho chimaimitsa chala. N'chifukwa chake zithunzi zambiri zotsatsa malo ogona alendo kunyanja zili ndi thambo la mtundu wa juwisi wa ana ndi mchenga wowala ngati pansi pake akwirira babu. Mlendo akafika mu Okutobala amapeza utsi wa moto wa tchire waphimba mapiri a kutsidya, n'kuyamba kufunsa ngati dalaivala wamusocheretsa. Chonsecho Okutobala wathu ali ndi kukongola kwakekwake, dzuwa lofiira ngati phwetekere likumira mu utsiwo mpaka umatha kuliyang'ana osatsinzina, ndipo Dehaze ndiye mdani wake woyamba. Atolankhani ali ndi owalondera: pa mpikisano wa World Press Photo wa 2015, zithunzi 20 pa 100 zilizonse zimene zidafika m'ndime yoyandikana ndi yomaliza zidachotsedwa chifukwa chokonzedwa mopyola muyeso. Ife a mapiri ndi nyanja tilibe bwalo lotere. Amene ali ndi amalume, ayamike.

Patatha sabata ndidadina Reset n'kuyambiranso. Chimene ndidapeza poyamba chidandichititsa manyazi: chithunzi chapakati chija, cha 1/125, chidali chitanyamula chokha pafupifupi zonse. Thambo lokha ndilo linkafuna thandizo la chakuda chija. Chowala chija, cha 1/30, ntchito yake yeniyeni idali yoti mithunzi ituluke yosalala, yopanda mchenga, osati yoti ndiiyatse.

Ulendo uno sindidakoke chithunzi chonse pakamodzi. Ndidagwira malo ndi malo, ngati mmisiri wozira nyumba. Thambo ndidalipatula palokha, zimene Lightroom imatha kuchita yokha kuyambira 2021, n'kulitsitsa mpaka mitambo itaoneka, koma kachigamba kamodzi pafupi ndi dzuwa ndidakasiya koyera mbee, popeza ngakhale diso langa tsiku lija lidatsinzina pamenepo. Shadows ndidakweza pang'onopang'ono mpaka nditayamba kuona ulusi wa timathithi tija, n'kulekera pomwepo. Pa histogram, kaphiri kaja kosonyeza kuchuluka kwa mdima ndi kuwala, ndidalola phazi la kumanzere likhudze khoma, kutanthauza kuti makwawa akuya atsale akuda bii, opanda kanthu mkati. Woyamba kumene kukonza zithunzi amaopa khoma limenelo ngati kuti kulikhudza ndi kulephera mayeso, chonsecho chithunzi chopanda pakuda penipeni chimaoneka ngati chachapidwa ndi sopo wolakwika. Tiyi ndidamuchotsa chikasu, chifukwa HDR imakonda kusandutsa msipu uliwonse ndimu. Clarity ndidapaka pa matanthwe okha, Dehaze osaikhudza. Kenako ndidazimitsa laputopu n'kukagona, ndipo m'mawa diso lopumula lidandilamula kuti ndibwezenso theka la zimene ndidakoka. Chiyambire tsiku limenelo, chithunzi changa sichichoka pakhomo tsiku limene ndachikonza. Chimagona kaye.

Wina anena kuti zimenezi ndi za anthu a makamera a mamiliyoni. Zoonadi Lightroom imalipiridwa mwezi ndi mwezi pa ndalama zakunja, ndipo mmene zikusowera ndalamazo tonse tikudziwa. Koma darktable, RawTherapee, GIMP ndi Luminance HDR ndi mapulogalamu aulere a pakompyuta, ndipo Snapseed ya pafoni nayonso ndi yaulere. Mu Snapseed muli HDR Scape, imene ndiyo nyali ya amalume yeniyeni. Mukaikoka mpaka kumapeto, mudzi wanu usanduka wa dziko lina. Mupindula kwambiri ndi Selective kapena Brush, zimene zimakulolani kuwalitsa kapena kudetsa kamalo kamodzi n'kusiya kwina. Potola, gwirani ndi chala pa thambo, tsitsani kuwala pang'ono, chifukwa pakuda pamatha kubwezeka koma popsa papsa basi. Ndipo pakakhala munthu pachithunzipo, chenjerani: HDR ya mafoni ena imatenga khungu lakuda ngati mthunzi wofunika kuuyatsa, ndiye agogo amatuluka otuwa ngati adzola phulusa. Ngati foni yanu imalola kuizimitsa, tolani kawiri, ili choyaka ndi ili chozima, kenako afunseni eniake kuti akudzizindikira pati.

Chachiwiri chija ndidachisindikiza papepala n'kubwerera nacho kwa amalume. Gawo limodzi mwa magawo atatu ndi lakuda. Adachilandira ndi manja awiri, adachitalikitsa, adachiyandikitsanso, kenako adaika chala pa khwawa lina lakuda bii.

"Umu muli kasupe. Tinkatemamo nsungwi ndi malemu agogo ako."

Pamene padali chala chawopo palibe chimene chikuoneka, ndi mdima wokhawokha. Pa Facebook sichidafike ngakhale theka la choyamba chija. Amalume adachipachika pabalaza pawo, pakati pa kalendala ya mpingo ndi chithunzi cha ukwati wawo.